Dothi Lomwe Zelesi Anatumiza ku Chipata

Mlangizi watsopano wa zaulimi anafika ku Mlolo mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa makoko a chimanga m'minda yokolola kale. Dzina lake linali Natasha. Anali mtsikana wochepa thupi, wovala nsapato zachimuna, ndipo kumbuyo kwa njinga yake yamoto anamangako chitsulo chachitali choboolera pansi. Anthu anadzaza pashedi ya kopaletivu poganiza kuti wabwera ndi nkhani ya feteleza. Iye anamasula katoni n'kutulutsa timatumba tapulasitiki topanda kanthu.

"Tikufuna kupima nthaka ya minda yonse ya m'mbali mwa mtsinje uno," anatero. "Madzi a kuno amatsikira ku Mozambiki mpaka kukagwera m'nyanja yamchere, ndipo sapita okha. Chaka ndi chaka amanyamula dothi lanu lapamwamba. Tiyenera kudziwa chimene chatsala."

Lefina, amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale pamaliro, anagunda Zelesi ndi chigongono.

"Mwamva, amake Chiyanjano? Inu munathawira kwathu, nthaka yathu ikuthawira kwanu. Basi tafanana."

Azimayi anaseka. Zelesi nayenso anaseka, poti nthabwala zoterezi anakula nazo. Anafika ku Mlolo ali kumsana kwa mayi ake, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Nkhondo itatha ambiri anabwerera, koma bambo ake, a Alufonso, anatsala. Banja la a Zakalia linawabwereka munda kumunsi, pafupi ndi mtsinje. Panalibe pepala, panalibe malipiro. Panali mawu amodzi okha akuti limani. Nthawi imeneyo unali munda wofiira, wa kaufiti, udzu wopha chimanga uja, woti mwini wake sangaumvere chisoni poubwereketsa. A Alufonso anamwalira, akazi awo anawatsatira, mwamuna wa Zelesi anapita ku Katete kukagulitsa mbuzi ndipo mpaka pano akugulitsabe. Zelesi anatsala ndi mundawo. Anauthira ndowe za mbuzi, anakwirira masangwi a mtedza, umene kuno amati nshawa, anadzala nandolo m'mizere, mpaka unada. Koma sankautama. Chimanga ankatuta pang'onopang'ono, ndipo aliyense womufunsa za zokolola ankamuyankha kuti, "Aa, chaka chino sizinachite."

Tsopano pabenchi ya azibambo panali Terrance, mwana wa mlongo wawo wa a Zakalia. Ntchito yake yaulonda ku Lusaka inali itatha, ndipo anabwera ndi chikwama chimodzi ndi nkhani za soya. Masiku amenewo ankakonda kuyenda m'malire a minda manja ali m'thumba, akumenya zibuma ndi nsapato. Kawiri konse Zelesi anamupeza ataima pamutu pa munda wake, akuyang'ana ngati munthu wosankha ng'ombe pamsika.

"Chitsulo ndili nacho chimodzi, minda ndi yambiri," Natasha anapitiriza. "Ndiye aliyense atape yekha. Muziyenda mokhotakhota kuchokera mbali ina ya munda kufika mbali ina. Paliponse mwaima, palani zinyalala, kumbani kuya kwa khasu, tengani pang'ono. Musakanize zonse m'ndowa yoyera, muumitse pamthunzi, mudzaze kathumba. Musatape pachulu, pansi pa mtengo, pakhola, kapena pamene munatentha zinyalala."

"Nanga pachulu si pamene pali chonde?" anafunsa bambo wina. "Mukufuna a ku Chipata atiyese amphawi?"

"Akuyeseni amphawi n'kukuuzani zoona, abambo. Zotsatira zikabwera tidzawerengera pompano, munda ndi munda, aliyense akumva, kuti tiphunzire pamodzi."

Mawu omalizawo Zelesi anapita nawo kunyumba. Munda ndi munda. Aliyense akumva.

Mawa lake anachita monga anauzidwa. Anayenda mokhotakhota, anakumba, anasakaniza. Atayang'ana m'ndowa anakhala pansi. Dothilo linali lakuda, lofumbutuka bwino m'manja, lonunkhira ngati mvula yoyamba ngakhale kunja kunali chilimwe. Limenelo silikanatha kunena kuti chaka chino sizinachite. Analikhuthula. Anayesa kungodya ya kumtunda, kumene chimanga chimafupikirako, koma nako kunali kutada. Zaka zonse zija anagwira ntchito mosakondera mbali.

Sabata imeneyo Zelesi sanakhazikike. Amuna a m'mudzimo ankazembera kuzulu za chiswe ndi timatumba tawo, aliyense kufuna kuti dzina lake lidzamveke bwino, iye yekha akufunafuna dothi lakufa. Popita kumjigo maso ali pansi, popita kuchigayo maso ali pansi. Anaganiza za mchenga wa mumtsinje, koma mtsikana wa nsapato zachimuna uja sanaoneke wopusa chotero. Anaganiza za dothi la mumsewu, koma linali lofiira kwambiri, losiyana ndi la kumunsi. Ndiwo zinapserera pamoto kawiri. Chiyanjano, mwana wake wamkazi wa ku sekondale, anamufunsa ngati wataya ndalama.

Kenako anakumbukira malo a kuseri kwa nyumba ya a Zakalia. Pamenepo ngolo zimatembenukirapo, magalimoto a ogula thonje amaimapo, ndipo masana mbuzi zimagonapo. Panali pouma gwa, potuwa, posalala ngati simenti. Chiyambire kukumbukira kwake Zelesi sanaonepo chomera chilichonse pamenepo, ngakhale chisoso, ngakhale pakati pa dzinja. Ngati ku Mlolo kunali nthaka yakufa, inali imeneyo.

Ankadziwa tanthauzo lake. Munthu satapa dothi pakhomo pa mnzake. Wotero amakhala akukonza mfumba, mankhwala aja okokera chimanga cha ena kuti chidzaze nkhokwe yake. Mkazi wopanda mwamuna, wobadwira kutsidya, amene nkhokwe yake siitha msanga, akagwidwa ndi dothi la eni mudzi m'chitenje safunsidwa mafunso ambiri. Choncho anadikira Lamulungu masana, nyimbo zikumveka kutchalitchi. Anatenga nkhuni zingapo ngati wochokera kuthengo, anazigwetsa dala pamalopo, n'kuwerama ngati akumanganso mtolo. Kakhasu kanali m'kati mwa nkhunizo. Kukhapa koyamba kanadumpha, kulira kwake kunamveka ngati kwafika mpaka kuguwa. Mbuzi zinadzuka n'kumuyang'ana. Anakhapanso, thukuta likulowa m'maso, mpaka anagamula zibuma zokwanira n'kuzikulunga m'chitenje.

Zibumazo zinakana kufumbutuka ndi manja. Lefina anamupeza kuseri kwa khitchini akuzisinja mumtondo.

Anaima, anasuzumira mumtondomo, anayang'ana mimba ya Zelesi.

"Pamsinkhu uno, amake Chiyanjano? Mwayamba kulakalaka dothi? Ndi wa ndani? A ku Katete aja abwera mwakachetechete?"

"Chokani apa, inu. Ndi la alangizi."

"La alangizi likusinjidwa ngati mphale? Langa ndangofinya ndi zala." Lefina anatapa pang'ono, analipukusa, nkhope yake inasintha. "Ili si la kumunsi."

"Ndi la kumunsi."

"Chabwino, ndi la kumunsi," anatero Lefina, akupukuta zala pachitenje. "Ine ndinabwera kudzapempha mchere."

Timatumba tinapita ku Chipata. Seputembala anadutsa ndi akamvuluvulu ake, Okutobala anabwera ndi dzuwa loti nkhuku zimayenda zitatsegula milomo. Zelesi akamva njinga yamoto mumsewu ankasiya chimene akuchita. Masiku ena ankadziona wochenjera. Masiku ena ankaganiza kuti makina a ku Chipata amadziwa mwini dothi, ndipo adzatchula dzina la a Zakalia pamaso pa anthu. Anakonza munda msanga kuposa zaka zonse, ngati kuti mizere yokonza kale ingamuikire umboni.

Tsiku la zotsatira shedi inadzaza kuposa poyamba. Natasha anayamba ndi nkhani yoipa. Minda yambiri inali ndi asidi wochuluka, ndiye feteleza amene anthu amathira theka lake limangopita pachabe. Pankafunika laimu, manyowa, ndi kusinthanitsa chimanga ndi nshawa. Anatchula mayina. Azibambo atatu anawauza mosaseka kuti minda yawo ikuoneka kuti inalimidwa ndi chiswe, ndipo abweretse dothi lina. Anthu anafa nacho chiseko. Lefina anauzidwa kuti munda wake watopa.

"Ngati mwini wake," anayankha Lefina.

"A Zelesi Alufonso," anaitana Natasha.

Zelesi anaweramitsa mutu, wokonzeka kumveredwa chisoni.

Natasha anayang'ananso pepala. "Dothi ili lilibe asidi. Chakudya cha mbewu chilimo chochuluka kuposa la wina aliyense m'dera lino. Malinga ndi zimene zalembedwa pano, munda umenewu chaka chino sufuna laimu, sufuna feteleza wapansi, sufuna kanthu."

Wina anayamba kuwomba m'manja, ena anatsatira. Mayi wina analuluta. Lefina sanawombe. Zelesi anakweza maso n'kuona Terrance atatulutsa manja m'thumba, akunong'oneza amalume ake. A Zakalia ankayang'ana denga la shedi ngati akuwerenga mabowo a malata.

Madzulo a tsikulo Natasha anabwera yekha kumunsi ndi chitsulo chake. Anapeza Zelesi akuyendayenda m'mizere wopanda khasu. Anaboola pansi, anatulutsa dothi, analipukusa m'manja.

"Amama, dothi lija silinachoke muno."

Zelesi anasiya kuyenda n'kuyang'ana pansi.

"Munda wolimidwa chimanga zaka zonsezi sungatuluke chonchija. Lija likuchita ngati la pakhola. Ndinaganiza kuti mwachita ngati azibambo aja, kufuna kutchuka, ndiye ndinati ndisakuchititseni manyazi pagulu."

"Ndinkafuna loipa."

"Loipa? Chifukwa?"

"Mundawu ndi wobwereka."

Natasha anayang'ana mundawo, kenako kumtunda kumene kuli nyumba za a Zakalia. Anali wophunzira, koma anakulira m'tauni, ndipo zinamutengera kanthawi.

"Mukanandiuza, sindikanawerenga pagulu."

"Mukanalumpha dzina langa lokha? Akanafunsa."

"Ndikhoza kutenga lina ndekha lero lomwe. Koma zotsatira zidzabwera mvula itagwa kale." Anayang'ananso dothi la m'manja mwake n'kupumira m'mwamba. "Komanso, amama, ili silidzakhala lomaliza. Mwina lachiwiri, mwina lachitatu. Mwausamala kwambiri."

"Ndi mlandu wanga umenewo," anatero Zelesi.

Uthenga wa a Zakalia unabwera patapita masiku awiri. Zelesi anawapeza pansi pa mtengo wa mango akumata chubu cha njinga, beseni la madzi lili pakati pa miyendo. Anali bambo wofatsa, wa chifuwa chosatha, woopa alongo ake kuposa china chilichonse. Zelesi anakhala pamphasa chapatali, anapereka moni, anafunsa za chifuwa. Iwo anafunsa za sukulu ya Chiyanjano. Anamiza chubu m'madzi, anayang'ana thovu, anachitulutsa, anachimizanso.

"Mwana wa Alufonso, wandivula," anatero potsiriza.

"Ine, atate?"

"Mnyamatayu chibwerere wakhala akundivuta za munda uja. Amake nawonso, mlongo wanga, tsiku ndi tsiku. Ine ndimati, asiyeni, munda uja ndi wotha, ndi wa kaufiti, simumva mwini wake akudandaula chaka chilichonse? Iwe unkanama kumunsi, ine ndinkanama kumtunda, zinthu zinkayenda. Tsopano pepala la boma lanena pamaso pa mudzi wonse. Ndinenenso chiyani?"

Zelesi anagwira pakamwa. Zaka zonsezi ankayesa kuti akubisira bambo ameneyu.

"Atate, pepalalo likunama. Dothi lija si la kumunsi."

"Ndi la kuti?"

Zelesi analoza ndi mutu kuseri kwa nyumba.

A Zakalia anasiya chubu m'madzi. Anayang'ana kukhitchini, kumene kunkamveka mawu a alongo awo, n'kukokera mpando wawo pafupi.

"Unatapa dothi pakhomo panga?"

"Ndinkafuna lakufa. Pamene paja sipamera kanthu."

Bamboyo anayamba kuseka, chiseko chinasanduka chifuwa, anatsokomola mpaka misozi.

"Lakufa! Pamene paja panali khola la amalume anga, iwe usanabadwe. Ng'ombe zosawerengeka, ndowe kufika m'mawondo. Zitatha ndi matenda a nkhupakupa, azimayi anasandutsa dzala, phulusa la mudzi wonse linkatayidwa pamenepo. Sipamera kanthu chifukwa ngolo zinapondapo mpaka kuuma, basi. M'mudzi monsemu iwe unasankha pamenepo?"

"Ndiye muwauze a Terrance kuti pepala ndi lolakwa."

Chiseko chinatha.

"Ndiwauze kuti lalakwa bwanji? Kuti mwana wa Alufonso anabwera Lamulungu kapena tsiku lanji kaya, anthu kulibe, n'kukumba kuseri kwa nyumba yanga? Ukumudziwa mlongo wanga. Dzuwa lisanalowe adzakhala atawerenga chaka chilichonse chimene nkhokwe yake inatha msanga, mwana aliyense amene anadwala. Sudzataya munda wokha. Mwana wakoyo adzatunga madzi pamjigo uti?" Anapukusa mutu. "Zimenezi wandiuza ine, zathera pano. Ndani wina akudziwa?"

"Alangizi. Ndi a Lefina, pang'ono."

"Lefina!" Anagwira kumutu.

"Sananene. Miyezi iwiri tsopano."

"Ndiye akudwala."

A Zakalia anabwerera ku chubu chawo. Kutali, cha ku Mozambiki, mitambo inali itayamba kuunjikana, yoyera pamwamba, yakuda kumimba. Zelesi anayang'ana manja ake. Akanatha kulira, akanatha kutchula dzina la bambo ake ndi zaka zonse zija, koma munthu amene anali patsogolo pakeyo ankazidziwa kale, ndipo sizikanamuwonjezera mphamvu pamaso pa alongo ake.

"Atenga liti?"

"Akufuna kudzala ndi mvula yoyamba. Ndayesa kuti adikire chaka chimodzi. Akuti soya sadikira."

"Mizere ndakonza kale."

"Ndaona."

Zelesi anatembenuka n'kuyang'ana kuseri kwa nyumba. Mbuzi zinali zitagona pamalo paja, zikubzikula. Sipanali pakulu ngati munda wa kumunsi, mwina theka lake, mwina kucheperapo.

"Ndibwerekeni apo."

"Pati?"

"Pakholapo."

"Iwe, pamene paja khasu limadumpha."

"Ndalimva kale kudumpha kwake."

"Nanga ngolo zizitembenukira kuti?"

"Kumsewu. Msewu ndi wa ngolo."

A Zakalia anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza mawu kuti amveke kukhitchini.

"Amake Terrance! Mwana wa Alufonso akuti munda wa kumunsi aupereka, palibe mlandu. Ndamuuza kuti azikanda pouma apa, asafe ndi njala."

Kukhitchini kunamveka chiseko. "Apo? Akande. Akathyola khasu asabwere kudzabwereka langa."

Mawa lake Zelesi anabwereka piki kwa mwamuna wa Lefina. Ankayamba kusanatenthe, kukumba maenje m'malo mwa mizere monga Natasha anamulangizira, kuti madzi a mvula azilowa pansi osati kuthamanga pamwamba. Pansi pa chikhungwa chotuwacho dothi linali lakuda bii. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika. Anthu opita kumjigo ankaima kumuonerera, ena kumupatsa moni wachisoni, ena kufunsa ngati akukumba chimbudzi cha mudzi wonse.

Lefina anabwera ndi khasu lake tsiku lachitatu, anakhapa kamodzi, analiponya pansi.

"Ine ndithandiza ndi pakamwa," anatero, n'kukhala pamthunzi.

Kumunsi kunatsala chinthu chimodzi. Pakona ya munda panali mulu wa manyowa umene Zelesi anaunjika chilimwe chonse, ndowe za mbuzi zosakaniza ndi mapesi ndi masamba, wofundikira udzu. Loweruka iye ndi Chiyanjano anapita ndi mabeseni. Anapeza Terrance ali kale m'mundamo ndi chingwe ndi zikhomo, akuyeza mizere imene Zelesi anakonza. Anapatsana moni mwaulemu. Zelesi anafundukula udzu n'kuyamba kudzaza beseni.

Ulendo woyamba Terrance anangoyang'ana. Ulendo wachiwiri anasiya chingwe n'kubwera.

"Amama, manyowawa mukupita nawo kuti?"

"Kumtunda."

"Koma ali m'munda mwathu."

"Munda ndi wanu, a Terrance. Mbuzi ndi zanga."

Terrance anayang'ana muluwo, umene unali utayamba kale kuchepa mbali imodzi. Anakanda kumutu.

"Nanga ine ndithira chiyani? Feteleza sindinagule."

Zelesi anapinda nkhata, anaiika pamutu, Chiyanjano anamuthandiza kusenza beseni. Analikhazika bwino ndi dzanja limodzi.

"Simunamve alangizi pashedi paja? Munda uno sufuna kanthu."

Anatembenuka mosamala kuti manyowa asatayike, n'kuyamba kukwera njira ya kumtunda.